Ndigule makina ati okulungira makoyilo a mathiransifoma?

Wafunsa ndi bambo wina wa ku Lilongwe amene wakhala akuwayinda mamota a zigayo ndi a mapampu a madzi kwa zaka zingapo. Akuti tsopano akufuna kuyamba kupanga mathiransifoma ang'onoang'ono otsitsa magetsi a 230V kufika pa 12V ndi 24V, oti azigulitsa kwa opanga machaja a mabatire. Pa intaneti waona makina amitundumitundu: ena opukusa ndi dzanja, ena a mota oyendetsa popondera phazi, ena a kompyuta amene ogulitsa akuti amazungulira kambirimbiri pa mphindi imodzi. Ndalama ali nazo zogulira kamodzi kokha, ndiye akufuna kudziwa oti agule.

Achimwene, tsekani kaye zithunzi za makinazo, mutenge pepala ndi bolopeni. Koyilo imene mukufuna kumapanga ndiyo ikuuzeni makina oti mugule, ndipo muilembe yonse papepala wogulitsa asanamve n'komwe kuti muli ndi ndalama. Tiyeni tiwerengere limodzi thiransifoma imodzi ya mtundu umene mwatchulawo, muone mmene manambala ake amachotsera okha makina ena pa mndandanda.

Titenge malata opanga chitsulo cha thiransifoma, ooneka ngati zilembo E ndi I, otchedwa EI 96. Mwendo wake wapakati ndi 32 mm, ndipo mukawasanja mpaka afike 32 mm, chitsulo chapakati chimakhala pafupifupi 10 cm². Magetsi a ESCOM ndi a 50 Hz. Pa malata abwino a silikoni, tikawerengera mphamvu ya maginito ya 1.2 tesla, timatenga 37.5 n'kugawa ndi kukula kwa chitsulocho, ndiye tipeza kuti volti iliyonse ikufuna kuti waya azungulire maulendo 3.75. Mbali ya 230V ikufuna maulendo pafupifupi 860. Mbali ya 12V ikufuna 45, koma timawonjezerapo awiri kapena atatu chifukwa magetsi amatsika thiransifoma ikanyamula lodi. Ya msinkhu umenewu imanyamula ma VA 80 (ma volti kuchulukitsa ndi ma ampu) kapena kupitirirapo pang'ono. Ku 230V kudutsa ma ampu osafika theka, moti waya wa 0.4 mm akwana. Ku 12V kudutsa ma ampu pafupifupi 7, ndipo kumeneko kukufunika waya wa 1.8 mm.

Mwaonatu vuto lake. Pa bobini imodzi yomweyo, chija mumakulungapo waya, mukulunga waya woonda ngati ulusi wosokera nsapato maulendo 860, kenako waya wonenepa ngati mtengo wa machesi maulendo osafika 50. Woondayo amafuna liwiro ndi dzanja lofatsa lomuyala mzere ndi mzere. Wonenepayo liwiro alibe nalo ntchito, amafuna mphamvu zomupinda pa ngodya za bobini. Makina ambiri ang'onoang'ono a kompyuta, oika pa tebulo aja, amalembedwa kuti amathera pa waya wa 1 mm kapena 1.2 mm. Mukagula amenewo mosawerenga, mbali ya 12V mudzabwerera ku dzanja. Njira yozembera ilipo: mawaya awiri a 1.25 mm oyendera limodzi ali ndi kopa pafupifupi wofanana ndi mmodzi wa 1.8 mm, ndipo amapindika mosavuta. Komabe mufunse ngati makinawo angakoke awiriwo nthawi imodzi, ndiponso ngati ali ndi polowetsa mawaya awiri.

Nambala ya waya wonenepa kwambiri imene ogulitsa amalemba muziitenga mosamala. Kawirikawiri anaiyesa pa liwiro lotsika ndi pa bobini yaing'ono. Koyilo ikamakula m'mimba mwake, waya amakokera patali ndi shafiti, ndiye mota imavutika kwambiri, monga mmene bawuti imamasukira msanga ndi sipanala yaitali. Choncho funsani mphamvu yopotokola ya shafitiyo pa liwiro lotsika, ndiponso ngati pali magiya kapena mapule osinthira lamba kuti liwiro litsike, mphamvu ikwere. Funsaninso zinthu ziwiri zimene ambiri amaiwala: kukula kwa koyilo imene ingazungulire osagunda thupi la makina, ndi mtunda umene cholozera waya chimayenda kuchoka kumanzere kufika kumanja. Ngati m'tsogolomu mukuganiza za mathiransifoma a makina owotcherera zitsulo, makina a pa tebulo aiwaleni.

Pa nkhani ya manambala a waya ndikuchenjezeni pang'ono. M'mashopu athu ambiri amatchula SWG, pomwe mapepala a makina ambiri amalemba AWG kapena mamilimita. SWG ndi AWG onse ndi manambala osonyeza kunenepa kwa waya, koma sizofanana. SWG 18 ndi 1.22 mm, AWG 18 ndi 1.02 mm. SWG 20 ndi 0.91 mm, AWG 20 ndi 0.81 mm. Polankhula ndi wogulitsa wakunja muzitchula mamilimita basi, ndipo gulani micrometer yanuyanu yoyezera kunenepa kwa waya.

Tsopano za liwiro lija lakopa mtima wanu. Makina ozungulira maulendo 1,000 pa mphindi amamaliza maulendo 860 mphindi isanathe. Nanga nthawi yonse imapita kuti? Imapita poika bobini, kumanga poyambira waya, kuyala pepala lotchinga pakati pa mbali ya 230V ndi ya 12V, kupala nsonga, kuwotcherera, kulowetsa malata limodzilimodzi, kuviika mu vanishi ndi kuumitsa. Mukagula makina othamanga kawiri kuposa pamenepa, pa thiransifoma iliyonse mupulumutsa theka la mphindi pa ntchito imene ikudya mwina ola lathunthu. Komanso bobini zathuzi ndi za ngodya zinayi. Ikamazungulira, waya amakokedwa mwamphamvu pa ngodya n'kulekerera pambali, kanayi pa ulendo uliwonse, ndiye mukathamangitsa kwambiri waya amagwedera, kudumpha mzere, mwinanso kuduka. Makina a mashafiti anayi kapena asanu ndi atatu, ngati amene amapanga a Marsilli ku Italy, a Aumann ku Germany kapena a Nittoku ku Japan, ndi a mafakitale opanga makoyilo ofanana masauzande ambiri tsiku lililonse, monga a marileyi ndi a zida za galimoto. Ndi makina abwino zedi, koma si a ntchito yanu.

Chimene chingasinthedi ntchito yanu ndi cholozera waya choyenda chokha. Pa makina a dzanja, waya mumamulozera ndi chala, ndipo munthu wozolowera ngati inu amayala bwino ndithu m'mawa. Pofika koyilo ya khumi madzulo, maso atopa, mizere yayamba kukwerana. Makina okhala ndi cholozera choyenda chokha amasuntha waya pang'ono pa ulendo uliwonse, n'kubwerera akafika kumapeto kwa bobini. Mtunda wa kusunthako mumauika nokha, ndipo apa ndi pamene anthu amapunthwa. Waya wa 0.4 mm ndi 0.4 mm kopa yekha. Pamodzi ndi enamelo womukuta amafika 0.44 mpaka 0.46 mm, kutengera kuti ndi wa Grade 1 (enamelo wopyapyala) kapena Grade 2 (wochindikala). Pa bobini ya EI 96 malo okulungapo ndi pafupifupi 44 mm, moti mzere umodzi umalowa maulendo 95 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo 860 aja amatenga mizere 9 kapena 10. Mukauza makina 0.40 m'malo mwa 0.45, pofika kumapeto kwa mzere woyamba cholozera chatsalira m'mbuyo ndi mamilimita pafupifupi 5. Waya amayamba kukwera pa mnzake, mzere wachiwiri umakhala pa zitunda, ndipo pomaliza koyilo yatupa moti malata sakulowa. Ndiye posankha makina, onani kuti mtunda umenewu umasinthika pang'onopang'ono, ndi 0.01 mm kapena kucheperapo. Akale ena amasinthidwa ndi magiya kapena ndi kagudumu, atsopano ndi mabatani. Onse amagwira ntchito, koma ngati muzisintha mtundu wa thiransifoma kangapo pa sabata, a mabatani osunga mapulogalamu adzakupumulitsani.

Pali kachida kena kamene pa zithunzi za ogulitsa kamakhala kumbuyo, nthawi zina osaoneka n'komwe, koma ine ndikamayendera malo okulungira makoyilo ndimayambira pomwepo. Ndi tensioner, chija chimagwira waya kuti akokeke mofanana kuchokera pa mpukutu mpaka pa bobini. Chaka china anandiitana pa kakampani kena kamene mathiransifoma ake ankabwezedwa atapsa asanathe mwezi. Makina anali atsopano, okwera mtengo, a sikirini yowala. Nditazungulira kumbuyo ndinapeza waya akudutsa m'kansanza kopindidwa, komangidwa ndi mphira wa chubu ku mwendo wa tebulo. Tensioner sanagule, ankati n'kuwononga ndalama. Mnyamata wa pamakinawo akaona koyilo ikufewa ankamanga mphira uja kwambiri, waya akaduka ankamasula. M'kansanzamo munali fumbi la zitsulo lochokera ku gulayinda ya pafupi, ndipo linkakanda enamelo pa waya yense wodutsamo. Titayeza makoyilo asanu a tsiku limodzi, aliyense anali ndi ma ohm akeake.

Chimene chimachitika ndi ichi. Kopa ndi wofewa, amatamuka. Mukamukoka n'kutalika ndi 5 peresenti, amaondanso, ndipo ma ohm ake amakwera ndi pafupifupi 10 peresenti, ndiye koyilo imatentha kuposa mmene munawerengera. Enamelo nayenso amatamuka n'kupyapyala, makamaka pa ngodya. Mukalekerera kwambiri, koyilo imakhala yofuwofu, mawaya amanjenjemera ndi magetsi, kumakhulana mpaka awiri agundana. Ulendo umodzi wokha ukagundana ndi unzake, umasanduka mphete yotsekeka mkati mwa thiransifoma, ndipo mumadutsa ma ampu ochuluka mpaka kupsereza zoyandikana nazo. Tensioner zilipo zopanikiza waya pakati pa nsalu za felt, zilipo za kagudumu ka buleki ndi mkono wa sipuling'i wolandira kugwedera kuja, ziliponso za maginito zimene sizitha msanga chifukwa mulibe zokhulana. Iliyonse ili ndi malire a waya amene imagwira. Ya 0.4 mm siingagwire 1.8 mm, choncho muwerengere ziwiri. Wogulitsa akakupatsani mtengo, funsani ngati tensioner ili momwemo, ndi ya waya wanji.

Za magetsi athu mukuzidziwa kuposa ine. Makina akhale a 230V ndi 50 Hz ngati malo anu ali ndi single phase. Ena amapangidwira misika ya 110V ndi 60 Hz, ena akuluakulu amafuna three phase ya 400V, enanso amafuna mpweya wa kompuresa kuti agwire bobini kapena kudula waya, zimene simuziona pa chithunzi. Funso lina limene ogulitsa akunja sayembekeza ndi lakuti: magetsi akazima waya ali pa ulendo wa 512, akabweranso makina amakumbukira pamene analekera? Ngati sakumbukira, koyilo imeneyo mumasula kapena kutaya, chifukwa kuwerenga mizere ndi maso n'kungoganizira. Chowerengera cha manambala achitsulo cha pa makina a dzanja chilibe vuto limeneli, ndipo n'chifukwa chake sindichinyoza. Makina a kompyuta muwaikire chotetezera ku magetsi obwera mwamphamvu, makamaka ngati mudzayendetsa ndi jenereta, ndi ka UPS koti mumalizire koyilo imene ili pa shafiti. Chowerengera chikhalenso chodziwa kuchotsera mukabwezera shafiti m'mbuyo kuti mukonze waya wokwerana, ndipo makina azichepetsa okha liwiro akatsala pang'ono kufika pa nambala imene mwaika, kuti asapyole.

Simunanene ngati mukuganizanso za mathiransifoma ozungulira ngati donasi, aja mumawaona m'ma inverter ndi m'ma amplifier. Ngati ndi choncho, dziwani kuti makina onse amene takambawa sangakulunge ngakhale imodzi. Chitsulo chake ndi mphete yopanda polekezera, ndiye waya ayenera kulowa pabowo ulendo uliwonse. Makina ake ali ndi mkombero wotseguka umene umalowetsedwa pabowopo, umayamba wadzaza waya, kenako n'kumamukhuthulira pa chitsulo ukuzungulira. A Ruff a ku Germany amadziwika ndi makina amenewa, ndipo ku China ndi ku India amapanganso ambiri. Mkombero uliwonse uli ndi waya wake ndi kukula kwa bowo kumene ungadutsemo koyilo itadzaza, ndiye mitu imagulidwa ingapo. Ndalama zake ndi zina. Yambani ndi EI, popeza malata ndi mabobini ake ndi osavuta kupeza komanso kukonza.

Ntchito yanu ya mamota musaisakanize ndi iyi. Makoyilo a mota ya chigayo mumakulunga pa zikombole n'kukawalowetsa m'mipata ya stator ndi manja, ndipo kumeneko chofunika ndi shafiti yamphamvu, malo aakulu ozungulirapo ndi chowerengera chokhulupirika. Makina amene muli nawo kale asungeni. Mwinanso ndi omwewo adzakulunge mbali ya 12V ija.

Ndikanakhala inu ndikanachita motere. Ngati maoda simunawapeze, mukungoyesa msika ndi mathiransifoma awiri kapena atatu pa tsiku, makina a dzanja okhala ndi chowerengera akwana, ndalama zotsalazo zipite ku waya wabwino ndi zoyezera. Ngati pali okugulani otsimikizika ndipo mukufuna khumi kapena makumi awiri pa tsiku, gulani makina a shafiti imodzi, a mota, a cholozera choyenda chokha, osunga mapulogalamu, okhala ndi chopondera phazi kuti manja onse awiri akhale pa koyilo, ndiponso tensioner yeniyeni. Pakati pa makina othamanga a waya woonda okha ndi ena ochedwerapo ofika 2 mm, ine ndingatenge ochedwerapowo. Onaninso kuti ali ndi chogwirira shafiti mbali inayo, chifukwa bobini yolemera pa shafiti yogwiridwa mbali imodzi imavina. Zibenthu zolowa m'kati mwa bobini kuti igwire pa shafiti musaitanitse kunja, wa lathe aliyense ku Kawale kapena ku Ndirande akupangirani, ngakhale za thabwa lolimba zimagwira.

Makina ogwiritsidwapo kale ntchito, monga amene amapezeka ku Johannesburg, akhoza kukhala olimba kuposa atsopano otchipa, koma muwaone akuyenda. Gwirani cholozera waya muchigwedeze: ngati chikusewera, mizere idzasokonekera pobwerera. Onani timaso timene waya amadutsamo, ngati tadyeka mpaka kukhala ndi mpata wakuthwa tidzakanda enamelo. Pa atsopano, kumbukirani kuti katundu wodzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam amatenga nthawi, msonkho wa MRA ukudikira, ndipo ndalama zakunja zoitanitsira kachida kamodzi sizipezeka tsiku limene mwazifuna. Itanitsirani limodzi malamba, timaso ta waya, nsalu za tensioner, sensa yowerengera maulendo ndi driver ya mota ya cholozera. Funsani ngati mabatani ndi buku lake zili m'Chingerezi. Ndinaonapo makina atakhala miyezi pansi pa pepala la pulasitiki chifukwa sikirini inkalankhula Chitchaina chokha.

Ndalama zonse zisathere pa makina. Multimeter siingaone ulendo umodzi wogundana pakati pa 860, chifukwa ma ohm amasintha pang'ono kwambiri. Mumauona poyeza ma ampu amene thiransifoma ikukoka isananyamule lodi. Njira yakale imagwirabe: lumikizani babu ya ulusi ya 60W motsatizana ndi mbali ya 230V, mbali ya 12V ili yosalumikiza. Thiransifoma yabwino imangoyatsa babuyo mofiirira kapena osayatsa n'komwe, yogundana mkati imayatsa kwambiri. Mufunikanso megger ya 500V yoyezera ngati magetsi sakudutsa kuchoka ku 230V kupita ku 12V kapena ku chitsulo. Apa pali moyo wa munthu, popeza amene adzagwire mawaya a batire ndi manja akudalira kapepala kaja munayala pakati. Vanishi ndi uvuni woumitsira muwerengerenso. Waya, pepala ndi vanishi zikhale za gulu limodzi la kutentha: Class B imapirira 130°C, Class F 155°C, Class H 180°C, ndipo chofooka pa zitatuzi ndicho chimayamba kupsa.

Wayanso muzimuyeza musanalipire mpukutu wonse. Pamsika pali waya wa aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba, wooneka ngati weniweni. Mupaleni ndi mpeni, akayera mkati mwadziwa. Amapepukanso m'manja, ndipo ma ohm ake amakwera kuposa a kopa ndi theka kapena kupitirira. Mamita 10 a kopa weniweni wa 0.4 mm amawerenga pafupifupi 1.4 ohm. Waya womasula m'zinthu zakale musamuike pa makina atsopano, enamelo wake anauma ndi kusweka kale, ndiponso ndi mmene mathiransifoma a ESCOM akuphwasulidwira ndi akuba, waya wosadziwika kumene wachokera akhoza kukufikitsani ku polisi.

Musanatumize ndalama, lemberani ogulitsa awiri kapena atatu uthenga wofanana: bobini ya EI 96, malo okulungapo 44 mm, waya wa 0.4 mm maulendo 860, waya wa 1.8 mm maulendo 48, mathiransifoma akutiakuti pa tsiku, magetsi 230V 50 Hz. Apempheni vidiyo ya makinawo akukulunga mawaya awiri onsewo pa bobini ya ngodya zinayi, kamera ili pafupi moti mizere ikuoneka, ndipo pakati pa ntchitoyo azimitse magetsi n'kuyatsanso kuti muone nambala imene ibwere pa chowerengera.